Kompyuta Yodwala Lamlungu Lokha

9 Malichi

Achemwali ndi alamu,

Moni nonse kumeneko. Ine kuno ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula, poti agogo a m'nyumba ya okalamba ino amaoneka owonda koma ukati uwatembenuze pabedi amalemera ngati thumba la simenti. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi omwe aja anabweretsa kompyuta, ndiye yankho mudzawapatse iwo omwewo.

Nkhani yanga ndi imodzi. Kodi kompyuta ija yatani? Ndinaitumiza pamodzi ndi kakamera ndi kamodemu ka intaneti kuti Lamlungu masana, nthawi yokhayo imene ndimapuma, ndizimuona mwana wanga, nayenso azindiona. Koma Lamlungu lililonse n'chimodzimodzi. Nkhope zanu zimabwera bwinobwino. Ndimamuona Kamasaya wanga atakhala pampando, miyendo ili lendelende. Ndimuitane, ayambe kundiyang'anitsitsa, basi chithunzi chauma, kenako mdima. Ndimakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, kudikira ngati chitsiru, inu osabweranso.

Musandiuze zoti ndiziimba foni. Pa foni mwanayo sayankhula, amangopumira mu foniyo, kenako ndimamva achemwali akuti, "Wathawa." Ndinakusiyirani mwana atangosiya kuyamwa. Pano akuthamanga, akuimba, ndipo zonsezi ndimangozimva kwa inu ngati nkhani za pa wailesi. Sindikufuna kuti tsiku lodzamutenga adzandibisalire kuseri kwa chitseko ngati ndabwera kudzamubaya jekeseni. Nkhope yanga aizolowere panopa.

Alamu, inu ndinu mphunzitsi, kufotokoza mumatha. Ndilembereni zimene zimachitika kumeneko chithunzi chikauma. Musasiye kanthu, ngakhale kooneka kopanda pake.

Ndine mng'ono wanu.


17 Malichi

Mlamu wanga wolemekezeka,

Kalata yanu yafika ndipo ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditavala magalasi. Tonse tili bwino. Mwana ali bwino kwambiri. Mukudziwa kuti nyumba ino inakhala zii zaka zambiri, ine ndi akulu anu kumangoyang'anizana ngati anthu odikira basi. Lero muli phokoso, ndipo phokosolo tikukuthokozani nalo.

Tsopano za makina. Mukaoneka inu, zonse zimayenda bwino kwa kanthawi, nthawi yokwanira kumwa theka la kapu ya tiyi. Kenaka mawu anu amakakamira pa liwu limodzi, "mwa-mwa-mwa-mwa", ndipo sikirini yonse imasanduka buluu. Buluu weniweni, ngati yunifolomu ya ana a kusukulu kwathu. Pamwamba pamabwera kankhope kokhumudwa kogona chammbali, m'munsi mwake mawu achingerezi onena kuti makina akumana ndi vuto, ndi manambala amene amathawa ndisanapeze cholembera. Ikatero imadzizimitsa yokha n'kudziyatsanso. Ndikayesa kukupezaninso imafa msanga kuposa poyamba, ndipo akulu anu amati mwana watopa, akasewere.

Chondizunguza mutu n'chakuti mkati mwa sabata makinawa ndi mfumu. Ndimalembapo mayeso a ana mpaka zala kuuma, osatsokomola ngakhale kamodzi. Amadwala Lamlungu lokha, ngati mlesi wa kutchalitchi.

Musaganize kuti sitikuwasamala. Akulu anu anachotsa mbale zawo za alendo m'munsi mwa kabati ya pabalaza n'kuikamo bokosi la kompyuta lija, ndipo analilukira nsalu yokongola yamaluwa ofiira, yofanana ndi za pamipando. Lamlungu, poti inu ndiye mlendo wathu, pabalaza pamakhala poyera ngati pa ukwati.

Tiuzeni chochita. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlamu.

Ine mlamu wanu, mphunzitsi.


26 Malichi

Alamu,

Zikomo pondiyankha. Ndikhulupirira muli bwino. Kudekhako dekhani inu, ine nkhono sindikuifuna, ndikufuna mwana wanga.

Kalata yanu ndinawawerengera bambo amene amakonza makompyuta a mu ofesi ya pantchito pano. Akuti buluu ameneyo si matenda, ndi kulira kwa makina, ndiye tiyenera kupeza chimene chikuwapweteka. Choyamba akufuna manambala aja. Khalani ndi cholembera m'manja musanayatse, musamachite kukachifuna nyumba itapsa kale.

Kakamera kaja kazuleni mukalowetse pa bowo lina, mwina bowolo ndi lofooka. Ngati pali china chimene munaikamo kompyuta itafika, kaya masewera kaya chiyani, chichotseni. Zikakanika, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, mumasule chivindikiro cha m'mbali, muuzire fumbi lonse. Mkatimo muona timatabwa tiwiri titalitali tobiriwira. Akuti ndi memole. Titulutseni mosamala, mupukute mano ake agolidewo ndi labala ya pensulo, mutibwezere mpaka mumve kuti tapa! Mukatero yatsani musanatseke, muone ngati fani ikuzungulira.

Chitani nokha zimenezi. Achemwali asakhudze, iwo zawo ndi singano ndi ulusi.

Ndaikamo chithunzi changa chatsopano, ndinajambulitsa nditavala za kuntchito. Muchiike pomwe mwana azichiona akadzuka, ndipo muzimuuza tsiku ndi tsiku kuti awa ndi amayi ako. Mako ndi mako, ngakhale ali kutali.

Achemwali muwapatse moni.

Mlamu wanu.


4 Epulo

Mng'ono wanga,

Ine ndayamba ndi moni, ngakhale iwe moni wanga unamuika kumapeto ngati mchere woiwalika. Uli bwanji? Agogo ako akudya bwino?

Alamu ako wawasandutsa dokotala wa opaleshoni. Loweruka anayala nyuzipepala patebulo langa lodyera, anagoneka bokosi lija chagada, timasikuluwu m'sosala yanga ya alendo. Fumbi anati auzire ndi pampu ya njinga. Anapopa kamodzi, fumbi lonse kumaso, anatuluka ali mbuu ngati wagwera m'phulusa. Ine ndi mwana tinaseka mpaka kugwirana. Ine sindinakhudze, usade nkhawa. Zanga ndi singano ndi ulusi, ndi kusambitsa mwana wako, kumudyetsa, kumuchapira, ndi kumubereka kumsana akatentha thupi. Zinthu zazing'onozing'ono zosafuna sukulu.

Chithunzi chako ndinamuonetsa. Anachiyang'ana, anachitembenuza kuseri, n'kundifunsa kuti, "Awa ndi anesi a kuchipatala?" Ndinamuuza kuti ayi, ndi aja a Lamlungu. Ndiye anati, "Oo, amayi a m'galasi." Ndi mmene amakutchulira. Si ine ndinamuphunzitsa, ana amadzipezera okha mawu.

Ndikuuze mmene Lamlungu lathu limakhalira, poti iwe umangoona theka. Ndimamusambitsa kachiwiri, ndimamuluka tsitsi akulira, ndimamuveka diresi yolimba m'khosi imene unatumiza ija, anzake akumuitana panja. Amakhala pampandopo osagwedezeka. Iwe umatulukira, umayamba kulira, n'kumamuuza kuti ayandikire, atembenuke, aonetse mano. Kenako buluu. Ndiye amene amatsala ndi mwana wofunsa mafunso ndi ine.

Komanso dzina lakolo lasiya kumuyenera. Masaya aja anatha kalekale, mwana watalika, nkhope yasongoka. Ena kumsika amati wafanana ndi ine.

Sindikukuletsa kukonza makina ako. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Basi imene imabweretsa makalata akowa ili ndi mipando.

Ine mkulu wako.


20 Epulo

Mlamu wanga,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndibwere ndi nkhani yabwino, koma ndabwera chimanjamanja.

Zonse munanena ndachita. Kakamera ndinakasuntha. Masewera a makadi amene ndinaikamo, ndikuvomera, ndinawachotsa. Timatabwa tija ndinatipukuta ndipo tinalira kuti tapa! monga munanenera. Fani ikuzungulira. Manambala ndinawagwira: ziro, x, maziro ambirimbiri, kumapeto 124. Lamlungu munaona nokha, inafa musanamalize kufunsa mwana za kusukulu ya mkaka.

Ndiye Lolemba ndinamanga bokosilo pa njinga n'kupita nalo kwa wokonza wa kuseri kwa msika, pakati pa ometa ndi ogulitsa mabatire. Munthuyo analiika pa benchi yake, pamtetete, n'kuliyatsa. Analiseweretsa mafilimu tsiku lonse, anthu odikira kumeta mpaka anaonera nawo. Mawa lake anayesa ndi kamera, kuyankhulana ndi mbale wake wa kutali nthawi yaitali. Buluu sanabwere. Anandiyang'ana ngati mwana amene wanamizira mutu pothawa masamu.

Lachisanu ndinali kuyang'anira mayeso, ndiye anakalitenga ndi akulu anu. Anabwera nalo pamutu, nawonso anavutika. Ndinawafunsa kuti wokonza wanena chiyani, anati, "Akuti lilibe vuto."

Lamlungu lapitali munaonanso. Ine mutu waima, mlamu. Makina abwinobwino kwa wokonza, abwinobwino ndikamalemba mayeso, koma akaona nkhope yanu amakomoka. Ndanena moseka, musakhumudwe.

Afunseni bambo a kuntchito kwanu za manambalawo.

Ine mlamu wanu.


29 Epulo

Alamu,

Moni, ngati moni akadalipo.

Nthabwala yanu ndaimva. Nkhope yanga imakomola makina. Sekani, poti mwana amene akukula osadziwa mayi ake si wanu.

Bambo aja akuti manambala amenewo angatanthauze zambiri, ndipo anandifunsa funso limodzi: kodi kompyutayo amaigwiritsanso ntchito ndani? Ndinachita manyazi kuyankha. Ine ndinadzimana, kuyenda wapansi m'chisanu, kuti ndigule makina oonera mwana wanga. Inu mwawasandutsa ofesi ya sukulu. Mayeso, makadi, kaya ndi chiyani china chimene simunavomere. Kafulashi kanu konyamulira mayeso, kamene kamalowa m'makompyuta onse a kusukulu ngati galu wa pamsika, mukuganiza kuti kamabwera ndi chiyani? Ndi mavairasi. Sabata yonse mumaikama ngati ng'ombe, Lamlungu likafika yatopa, ndiye mukudabwa chiyani?

Ndinkakuyesani munthu wa chilungamo m'nyumbamo. Kani mukundidyera masuku pamutu, n'kumandilembera makalata aulemu ataliatali. Achemwali ngakhale ali ndi pakamwa, amandiuza maganizo awo maso ndi maso, ndipo mwana akumusamala.

Kuyambira lero musakhudzenso kompyutayo mkati mwa sabata. Mayeso anu lembani pa bolodi ndi choko monga munkachitira ndisanakutukuleni.

Mayi wa mwana.


18 Meyi

Mlamu,

Moni. Kalata yanu inandipweteka, sindibisa. Ndinaiika m'thumba la jekete ndipo ndinalumbira kuti sindiyankha. Kompyuta sindinaikhudzenso mkati mwa sabata. Munaona kuti buluu sanasiye kubwera. Ndikulemba lero osati kuti ndidziyeretse, koma chifukwa ndapeza chimene mumafuna, ndipo bola ndikanapanda kuchipeza.

Sabata yatha ndinapita kukameta. Wokonza uja anandiona pa mpando n'kulowa.

"Aphunzitsi, makina aja asiya kubanika?"

"Kubanika kotani?"

"Kodi amayi sanakuuzeni? Atabwera kudzatenga ndinawafunsa komwe mumaika. Atanena za kabati ndi nsalu ndinawauza kuti matenda ake ndi amenewo. Kamera imatenthetsa makina kwambiri kuposa kulemba. Mukawatsekera, amapsa, ndiye amadzizimitsa kuti asafe. Ndinawauza kawiri, iwo mpaka anabwereza mawu anga."

Pamenepo zonse zinalumikizana. Ndikamalemba mayeso ndimatsekula chitseko cha kabati n'kuchotsa nsalu kuti ndilowetse kafulashi kaja munakanyoza. Lamlungu, pokonzekera mlendo, nsalu imabwerera ndipo chitseko chimatsekedwa.

Ndinati mwina akulu anu anangoiwala. Choncho Lamlungu lapitali sindinanene kanthu. Ndinatsekula kabati, ndinachotsa nsalu, ndinayatsa, n'kutuluka kukaitana mwana kwa anzake. Pobwera ndinapeza chitseko cha kabati chotseka. Inu munaoneka, munayankhula pang'ono, buluu. Mwana atatuluka ndinatsekula. Nsalu inali pamalo pake. Kuseri, pomwe fani imatulutsira mpweya, kunali thaulo lopindidwa kanayi, lokanikizidwa bwinobwino. Bokosilo linali lotentha ngati simbi.

Ndinanyamula thaulolo n'kupita nalo kukhitchini.

"Amayi, ichi chikutani kuseri kwa makina?"

Sanatembenuke n'komwe. Anati, "Fumbi."

"Wokonza anakuuzani chiyani?"

"Zambiri. Ikani thaulolo pomwe munalipeza, kapena mulipachike pa chingwe. Musankhe nokha, ndinu bambo wa nyumba."

Ndinalipachika pa chingwe. Kuyambira tsiku limenelo sitikuyankhulana bwino.

Mlamu, ndikupempha chinthu chimodzi. Musawalembere mutapsa mtima. Alakwa, inde. Koma ine ndinawaona mayi amenewa zaka zonse zija akupita ku zipatala n'kumabwerako maso ali ofiira. Mwanayu ndiye anawadzutsa. Ndipatseni nthawi ndiwanyengerere. Vuto lapezeka, makina ali bwino, chotsala ndi anthufe.

Ine mlamu wanu.


25 Meyi

Achemwali,

Moni sindikupatsani.

Thaulo. Miyezi yonseyi ine ndikulira pamaso pa bambo wachilendo kuntchito, kuwapempha andimasulire manambala, ndikutukwana alamu osalakwa, kani inu muli phee kukhitchini, mukupinda thaulo. Munkamva chiyani mukamandiona ndikuitana mwana wanga, inu mukudziwa kuti mwatsala pang'ono kundizimitsa? Munkawerenga mumtima?

Ndikuuzeni zimene aliyense amaopa kukuuzani. Mwanayo si wanu. Mumusambitse mpaka khungu lisupuke, mumuluke tsitsi mpaka zala zipindike, sanatuluke mwa inu ndipo palibe amene adzatuluke mwa inu. Mulungu anaona mtima wanuwo, n'chifukwa chake anatseka. Munthu wobanikitsa makina dala akanatani ndi khanda? Nyumba yanu ndi kabati, mumangosungamo za eni.

Ndinakubwerekani mwana chifukwa cha chisoni, kuti nanunso mumveko kutchedwa dzina pakhomo. Ndinalakwa. Kontirakiti yanga ikangotha ndikubwera kudzamutenga, ndipo mudzabwerera ku zoluka zanu. Mudzalukire mipando, mudzalukire wailesi, mudzalukire ndi amuna anu omwe.

Lamlungu likubwerali bokosilo likhale pamtetete. Ndikufuna ola lathunthu ndi mwana wanga.

Mayi ake enieni.


2 Juni

Mng'ono wanga,

Ine moni ndikupatsa, sandithera. Uli bwanji?

Kalata yako ndaiwerenga ndekha, kenako ndinawapatsa alamu ako kuti aone munthu amene amamumenyera nkhondo. Anaiwerenga ataimirira, anamaliza atakhala pansi. Zimene walembazo si zachilendo. Ndinazimvapo kwa apongozi, kwa azimayi a pampopi, kwa ana a sukulu. Ndinali ndisanazimve kwa munthu amene ndinamubereka kumsana amayi athu ali kuntchito. Tsopano ndazimva, zakwana.

Sindikana. Poyamba sindinkadziwa, nsaluyo ndinaluka ndi mtima wabwino. Wokonza atandiuza ndinabwera ndi bokosi lako pamutu, njira yonse ndikuganiza. Nditafika ndinalibwezera m'kabati. Thaulo ndinawonjezera chifukwa masiku ozizira linkachedwa kufa.

Ukufuna kudziwa zimene ndinkamva? Ndinkamva bwino.

Ukufunanso kudziwa zimene ndinkamuuza mwana buluu akabwera? Masabata oyamba ankafunsa kuti, "Apita kuti?" Sindinamunamize. Ndinkamuuza kuti apita kukasamala anthu ena. Ankafunsa kuti, "Abweranso?" Ndinkati Lamlungu, akapeza mpata. Pano anasiya kufunsa.

Umati unandibwereka chifukwa cha chisoni. Iwe unafika pakhomo pano ndi chikwama kumanja, mwana kumanzere, tikiti ya basi mkamwa. Ndani ankamvera chisoni mnzake tsiku limene lija? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Iwe wako unamuika pachala cha wina n'kukwera basi.

Koma wapempha ola lathunthu, ndipo ulipeza. Bokosi ndalitulutsa ndekha, lili patebulo pafupi ndi zenera, likupuma mpweya wabwino kuposa ife. Nsalu ija ndaimasula ulusi wonse. Alamu ako aliyesa ndi kamera madzulo onse, silinatsokomole. Kalatayi ikupeza Lamlungu lisanafike. Udye bwino, ukhale pabwino, upukute magalasi ako. Sindidzayankhula, sindidzamutsina, sindidzamunong'oneza. Udzaone wekha chimene buluu ankakubisira.

Ine mkulu wako, kabati.


10 Juni

Alamu,

Moni. Muli bwanji? Ndisanayambe, pepani chifukwa cha mawu aja a choko ndi bolodi. Simunayenere kuwamva. Kompyuta muziigwiritsa ntchito mmene mukufunira.

Mwaikonza bwino. Chithunzi chinali choyera kuposa kale lonse, ndinaona ngakhale kachipsera ka pachibwano kamene palibe anandiuza. Inu munatuluka titangoyamba, ndiye mwina simukudziwa mmene zinathera.

Anandipatsa moni wa ulemu, manja pamodzi, ngati kwa mlendo wa kutchalitchi. "Muli bwanji?" Ndinati ndili bwino mwana wanga, kaya iwe? Anati, "Ndili bwino, zikomo." Ndinamuitana dzina lake lija, Kamasaya, anayang'ana kumbuyo kuti aone amene ndikumuitana. Ndinamupempha aimbe, anayang'ana achemwali. Achemwali anasunga lonjezo, sanayankhule, anangoyang'ana kuzenera. Ndiye anaimba, nyimbo yonse, osalakwitsa, maso ali pansi. Ndinamuonetsa chidole chimene ndamugulira. Anati, "Zikomo." Ndinamufunsa dzina la mnzake wapamtima, chakudya chimene amakonda, chimene amaopa. Anayankha zonse, liwu limodzilimodzi, ngati ali kwa dokotala.

Mafunso anandithera, alamu. Kale nthawi inkatha ine ndikadali ndi zonena, ndiye ndinkaganiza kuti ndili nazo zambiri. Tinangokhala, ine kumuyang'ana, iye kuyang'ana pakona ya sikirini. Ndinkaganiza kuti akudziona yekha pa kachithunzi kakang'ono kaja. Kenako anatsamira pachifuwa pa achemwali, anakweza mutu, n'kufunsa motsitsa mawu, koma makina anu abwinowo anandibweretsera liwu lililonse:

"Amayi, buluu uja abwera nthawi yanji?"

Achemwali anati, "Lero sabwera, mwanawe. Pirira."

Anapirira. Mwana wanga anandipirira mpaka ola linakwana.

Lamlungu likubwerali musavutike kuyatsa. Kalaputopu kanga kuno kayamba kuvuta, nakonso kakuonetsa buluu. Bambo aja ati zitenga nthawi kuti akakonze. Ndidzakuuzani kakachira. Mwana musamuveke diresi ija, musiyeni asewere.

Mlamu wanu.


19 Juni

Mng'ono wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Alamu ako akuti pepa ndi makina akowo, akukhulupirira kuti akonzeka msanga. Iwo amakhulupirira chilichonse.

Lamlungu sitinayatse monga unanenera. Mwana sanafunse.

Nsapato zake zamuthina, ndipo zakunozi sizichedwa kung'ambika. Ukapeza mpata umugulire zolimba, zakuda, uwapatsire adalaivala. Ndinati ndikulembere saizi, koma za kwanuko amawerenga mosiyana, ndipo iwe poyerekeza ndi maso ungagule za khanda. Ndiye ndamuimika pa pepala lomweli n'kuzunguliza phazi lake ndi pensulo. Tembenuza kuseri, ulipeza. Upite nalo kusitolo, akakuyezere.

Ine mkulu wako.